Liwu la Mbawala M'bwalo la Nyalugwe

Padangotero, abale anga. Vomerani kuti tili tonse, ndisamalankhule ndekha ngati wobwebweta kutulo.

Idalipo nthawi imene nyama zidaphunzira kulemba pa kompyuta. Musaseke, inu. Ngati inuyo mudaphunzira, nyama zidalakwanji? Zonse zinkalembera m'pulogalamu imodzi yotchedwa Cholembera. Pachokha Cholemberacho chidali ngati khasu lopanda mpini, chinkangolandira zilembo basi. Koma mmisiri aliyense ankatha kupanga kapulogalamu kakekake n'kukalumikiza pamenepo, kena kokonza zolakwika, kena kosanja mizere, kena kochita izi ndi izi. Timapulogalamu totereti ankatitcha zowonjezera.

Amisiriwo sankayamba chilichonse kuchokera pansi ayi. Padali Nkhokwe ya Aliyense. Mmisiri akalemba khodi yake, ndiye kuti mizere ya malangizo imene kompyuta imamvera, ankakaisiya m'nkhokwemo kuti anzake atapeko. Zaulere, inde, koma ulere wake udali ndi mwambo. Pamutu pa khodi iliyonse mwini wake ankalembapo chilolezo, ena amati laisensi, chonena zimene wotapa angachite ndi zimene sangachite. Ndipo chowonjezera chilichonse chisanalowe m'kompyuta ya nyama ina iliyonse, chinkayamba chadutsa pachipata cha Kapitawo Ng'azi, amene ankaona ngati zilolezo za eni khodi zatsatidwa, kenako n'kudinda chidindo.

Tsono padali mmisiri wina dzina lake Likongwe. Manja ake, abale, munkachita kugwira pakamwa. Chimene ena ankamanga mwezi wathunthu, iye ankachimaliza masiku awiri, akuimba likhweru. Koma adali ndi nthenda imodzi. Akaona chipata chili chotsegula, iye maso ali kumpanda kufuna mpata. Adali ndi kanyimbo kake kamene ankaimba popita kukachita zakezo, akumenya mchira pansi ngati ng'oma. Kanyimboko kankanena kuti palibe mpanda wopanda mpata, ndi kuti wodziwa mpata salonjera mwini chipata.

Amene adaphunzitsa Likongwe zilembo adali Mfuko, mlembi wa bwalo la milandu la Nduna Nyalugwe. Awiriwa sadali pachibale, koma ankaitanana achimwene ndi mphwanga, ndipo pa nyama zonse Mfuko yekha ndiye amene Likongwe adali asanamupusitsepo. Tsiku lina m'mawa Mfuko adafika kwa Likongwe akupapasa khoma.

"Mphwanga, ntchito yandithera."

"Yatha bwanji, achimwene? Mwaba chiyani?"

"Ndikadaba bwenzi ndikudziwa kokapepesa. Ndi masowa. Zala zikudziwabe pamene pali chilembo chilichonse, koma ndikalemba sindikuonanso zimene ndalembazo. Dzana ndidawerenga kuti Fisi wapambana mlandu, pomwe waluza. Adachita kuvina pabwalo, Fisi."

Likongwe adayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Mfuko phwete lidamuthera pakhosi.

"A Nduna andiitanira pambali," adapitiriza Mfuko. "Sadakalipe ayi. Akuti, 'A Mfuko, zaka zonsezi simudandinamizepo. Koma bwalo lalikulu likhala pakapita masiku asanu ndi awiri. Tsiku limenelo mukadzalephera kuwerenga zimene mwalemba, mpando ndidzapereka kwa Khwangwala.' Nanga ine ndikachoka pampando umenewo, mphwanga, ndine ndani?"

"Basi, nkhani yake ndi yomweyo?" adatero Likongwe. "Maso akakana, makutu alipo. Ndikupangirani chowonjezera chowerenga mokweza. Inu muzilemba, icho chizikuuzani zimene mwalemba. Dzina ndachipatsa kale, ndi Kamlomo."

Tsiku lomwelo adathamangira ku Nkhokwe ya Aliyense. Choyamba ankafuna khodi yophwanya zolembedwa m'tizidutswa totheka kutchula, ndipo adaipeza, ya mmisiri Nungu. Chilolezo chake chidali chakuti: "Tapa, sintha, gawira amene ufuna. Koma chilichonse chimene wasakaniza ndi khodi yangayi chikhale cha aliyense monga yangayi, ndipo usamane ngakhale nyama imodzi."

Chachiwiri ankafuna liwu lotchula tizidutswato. M'nkhokwemo mudali awiri amene adasiyamo liwu. Wina adali Chule. Liwu lake lidali losasa, lokhala ngati akukoka chitini pamiyala, koma chilolezo chake chidali chachifupi: "Tenga, chita nalo zimene ufuna, bola dzina langa usafufute." Winayo adali mayi Mbawala. Iii, liwu limenelo! Ngakhale likadakuwerengerani chisamani, mukadati libwerezenso. Koma pamutu pake padalembedwa kuti: "Atenge aliyense, koma liwu langali lisadzalowe m'nyumba ya a Nyalugwe kapena m'manja mwa mtundu wawo." Chifukwa chake nyama zonse zinkachidziwa. Mwana wa Mbawala adagwidwa ndi mphwake wa Nduna Nyalugwe zaka zapitazo, ndipo chiyambire mlandu umenewo mayiyo sadapondenso pabwalo.

Musaganize kuti Likongwe sadaone vuto. Adaliona bwinobwino, adawerenga zilolezo zonse mpaka kumapeto. Adatapa zonse zitatu, n'kupita kwa Mfuko kukamumvetsa liwu la Chule ndi la Mbawala.

"Lililonse, mphwanga," adatero Mfuko. "Ngakhale la Chule, bola ndimve zimene ndalemba."

"Asa! Achimwene anga aziwerengeredwa ndi Chule pamaso pa a Nduna? Nyama zizinena kuti Likongwe adapanga chinthu cholira ngati kudambo? Ndiye bola ndisiye umisiri."

"Nanga eni ake alola?"

"Zimenezo siyirani ine."

Adasakaniza khodi ya Nungu ndi liwu la Mbawala, adamanga, adasoka, ndipo tsiku lachiwiri Kamlomo kadalankhula. Mfuko adalemba mzere umodzi, kadamuwerengera. Adalemba wina, kadamuwerengeranso. Nkhalambayo misozi idangoti mbwembwembwe. Likongwe ataona misoziyo mtima udamufufuma, ndipo adalumbira chamumtima kuti liwu limeneli salisiya, zivute zitani.

Chidatsala ndi chidindo cha Ng'azi, pakuti popanda icho kompyuta ya kubwalo sikadalandira Kamlomo.

Tsiku lachitatu Likongwe adafufuta zilolezo zonse ziwiri pamutu pa khodi, adalembapo dzina lake, n'kuuyamba ulendo wa kuchipata. Njira yonse ankaimba kanyimbo kake ka mpanda ndi mpata, mchira ukuvomera pansi, mpaka amene adali pamzere adatembenuka kumuyang'ana.

"Mwatibweretsera chiyani, amisiri?" adafunsa Ng'azi. Ng'azi sankafulumira pa chilichonse, ngakhale pophethira.

"Kamlomo, a Kapitawo. Kamawerenga mokweza."

"Mwatapa za yani?"

"Za yani? Thukuta langa ili, mzere ndi mzere."

"Chabwino. Poti kamawerenga, kadziwerenge kokha."

Ng'azi adatsegula khodi ya Kamlomo m'Cholembera n'kukauza kuti kayambe. Kadawerenga, kadawerenga, Likongwe ali nyadu, akuyang'ana kumwamba. Koma sadadziwe kuti Nungu ali ndi khalidwe losiya timawu pakati pa khodi yake, monga momwe amasiyira minga m'njira. Mwadzidzidzi Kamlomo kadati, ndi liwu lokoma lija la Mbawala, "Mzere uno ndalemba ndine Nungu, ndipo wofufuta dzina langa ndidzamubaya pokhalira."

Mzere wonse udagwa nalo phwete.

"Zodabwitsa," adatero Ng'azi. "Thukuta lanu likulankhula mawu a Nungu ndi liwu la mayi Mbawala. Tamverani, amisiri. Kubwezera mayina n'kosavuta, koma vuto lanu si limenelo. Nungu akuti musamane aliyense. Mbawala akuti muwamane a Nyalugwe. Inu mwaphika ziwirizi mumphika umodzi. Mukamvera uyu mwalakwira uyo. Mapanga awiri avumbwitsa."

"Ndiye nditani?"

"Tengani la Chule. Iye sakangana ndi Nungu, mawa lomwe mudutsa. Apo ayi pitani kwa mayi Mbawala mukawapemphe kuti akupatseni chilolezo china chapadera. Si mtengo amene aja, ali ndi pakamwa."

Pobwerera Likongwe adadutsa pafupi ndi kwa Mbawala. Adamuona ali pakhonde, adachepetsa liwiro, mwendo umodzi udachita kulozako. Koma adaganiza zogwada, zonena kuti zikomo ndithandizeni, adaganizanso kuti mwina akamukanira. Adapotoloka n'kudzera kuseri. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Madzulo Mfuko adafunsa, "Zayenda, mphwanga?"

"Timizere tiwiri tokha ta kukonza, achimwene. Musade nkhawa."

Aka kadali koyamba Likongwe kumunamiza Mfuko, ndipo mawuwo adamuwawa pakamwa. Koma adameza.

Tsiku lachinayi lonse adakhalira khodi ya Mbawala. Chimene mayiyo adachitcha dzina ili, iye adachitcha dzina lina. Mizere ya pamwamba adaitsitsa pansi, ya pansi adaikweza pamwamba. Liwulo adalinenepetsa pang'ono kuti limveke lachimuna. Chilolezo cha Nungu adachibwezera pamalo pake, cha Mbawala adachitaya. Tsiku lachisanu uyo, wa kuchipata, kanyimbo kali pakamwa. Tsiku limenelo adakakometsa ndithu, adawonjezeramo ndime yotamanda mpata waung'ono umene wonenepa sangadutsepo.

"Mwabweranso, amisiri."

"Ndabwera, a Kapitawo. Za Nungu ndi izi, dzina lake lili pompo. Liwu ndapanga langalanga. Fufuzani mzere uliwonse, mukapeza wofanana ndi wa mayi Mbawala mundidule mchira."

Ng'azi adayang'ana mizereyo nthawi yaitali. Palibe ndi umodzi womwe umene udafanana. Likongwe adayamba kugwedeza mchira.

"Mchira wanu sindikuufuna," adatero Ng'azi. "Kangondiwerengerani mawu amodzi awa."

Adalemba pang'onopang'ono, ndi chala chimodzi, dzina la Nyalugwe. Kamlomo kadayamba kutchula, koma liwu lija lidatsika, lidanjenjemera, n'kuthera m'kunong'ona.

Pamzere padalibe woseka tsiku limenelo.

"Mayi aja," adatero Ng'azi, "pojambula liwu lawo dzina limeneli lidawakanika kulitchula mokweza. Adayesa kangapo, kenako adangolisiya momwemo. Inu mwasintha mayina, mwatembenuza mizere, mwanenepetsa liwu, koma chisoni chawo mwachisiya m'katimo. Mbuzi ya mnzanu mukaimeta ubweya siisanduka yanu, amisiri."

"A Kapitawo, masiku andithera. Ndi za a Mfuko izi, si zanga."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukuuzaninso kachiwiri: Chule alipo, ndipo kwa mayi Mbawala sikutali. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Likongwe adachoka makutu ali gwaa. Kunong'ona kuja kudamutsata njira yonse, ndipo kunena zoona adachita manyazi. Atafika kunyumba adatsegula khodi ya Chule, adaiyang'ana, adaimvetsera kamodzi. Chitini pamiyala! Adaitseka. Ha, mtima wa mmisiri, abale. Adaona kuti akatenga la Chule tsopano, ndiye kuti wavomera kuti Ng'azi wamugonjetsa kawiri pamaso pa mzere wonse. Ntchito ya Mfuko adaiiwala kaye, chimene chidatsala m'mutu mwake ndi Ng'azi basi.

Ndiye adaganiza nzeru yachitatu, ndipo imeneyi idali nzeru ndithu, ngakhale ine ndikuvomera. Adang'amba Kamlomo pakati n'kupanga zowonjezera ziwiri. China chidatenga khodi ya Nungu yokha ndi chilolezo chake. China chidatenga liwu la Mbawala lokha, monga momwe mwini wake adalisiyira, chilolezo chake chili pamutu. Ziwirizi sizinkasakanizana, zinkangopatsirana uthenga ngati anansi olankhulana pampanda. Tsiku lachisanu ndi chimodzi adanyamuka. Kanyimbo adakaimba ndithu, koma chapansipansi, ndipo mchira sudamenye pansi.

Ng'azi adaona ichi, adaona icho, adagwedeza mutu.

"Apa ndiye mwaganiza, amisiri. Za Nungu zili mumphika wake, za Mbawala mumphika wake. Nungu alibenso chodandaula. Latsala funso limodzi. Liwuli likupita kuti?"

"Kwa a Mfuko."

"A Mfuko a kunyumba, kapena a Mfuko a kubwalo la a Nyalugwe?"

"Kodi a Mfuko ndi nyalugwe? Ali ndi mawanga? Ali ndi zikhadabo zogwirira mbawala?"

"Sindidafunse za mawanga. Chilolezo chikuti nyumba ya a Nyalugwe, ndipo bwalo lija ndi nyumba yawo."

Likongwe adamuyang'ana Ng'azi m'maso, osaphethira.

"Kunyumba kwawo, a Kapitawo. Akufuna aziwerengera makalata a abale."

Ng'azi adatenga chidindo n'kudinda. "Pitani. Koma chidindo changachi chimangotsegula chitseko, sichitsuka bodza."

Likongwe sadapite kunyumba kwa Mfuko. Adalunjika kubwalo, adalowetsa zowonjezera ziwirizo m'kompyuta ya mlembi, ndipo poona chidindo kompyutayo idalandira. Mfuko adali pomwepo, akupukuta mpando wake.

"Zonse zalongosoka, mphwanga? Eni ake alola?"

"Chidindo ndi ichi, achimwene, chigwireni nokha."

Mfuko adapapasa chidindocho, adapumira m'mwamba. "Ndiye undilumikizire kachipangizo komvera m'khutu, ndizimva ndekha."

"Ka m'khutu? Ayi, achimwene. Tilumikiza ku chimkuzamawu, bwalo lonse limve kuti mlembi wa a Nduna sadathe."

Adatero, koma chimene ankafuna n'chakuti bwalo lonse limve kuti Likongwe sadathe. Za Mbawala sadade nazo nkhawa, poti mayiyo sankaponda pabwalo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri bwalo lidadzaza. Nduna Nyalugwe adakhala pampando wake, Khwangwala ali chapafupi akukonza kolala yake yoyera. Mlandu woyamba udakambidwa, Mfuko akulemba, zala zikuthamanga ngati kale.

"A Mfuko," adatero Nduna, "tiwerengereni zimene mwalemba."

Mfuko adadina batani. Liwu lija lidatuluka m'chimkuzamawu, lokoma, losalala, ndipo nyama zonse zidati kukamwa yasa. Lidatchula tsiku, lidatchula mwezi. Likongwe adatukula chifuwa, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone amene akumuona. Pamenepo m'pamene adaona mayi Mbawala ali kumbuyo kwenikweni, ataima pafupi ndi potulukira. Ndipo pamenepo m'pamene adakumbukira kuti zolemba zonse za bwalo zimayamba ndi dzina la mwini bwalo.

Liwu lija lidati, "Bwalo la Nduna," kenako lidatsika, lidanjenjemera, n'kunong'ona dzina lija. Chimkuzamawu chidakuza kunong'onako mpaka kudamveka ngodya zonse.



"Limenelo ndi liwu langa," adatero Mbawala. Sadakuwe ayi. "Ndani walibweretsa muno?"

Nduna Nyalugwe adaimirira, nkhope itagwa. "Kapitawo Ng'azi, chinthu ichi chidadutsa kwa inu?"

"Chidadutsa, a Nduna. Mmisiri wake adandiuza kuti n'cha kunyumba, chowerengera makalata a abale."

"Mmisiri wake ndani?"

Likongwe adafunafuna mpata ndi maso, koma nyama zidali zitathinana mbali zonse. Adatuluka n'kuima pakati pa bwalo.

"Ndine, a Nduna. Koma taonani, wogwiritsa ntchito ndi a Mfuko, ndipo a Mfuko si..."

"Khala chete!" adatero Nyalugwe. "Wandivula pagulu. Nyama zizinena chiyani? Kuti mtundu wanga udawalanda mwana mayi awa, lero wawalandanso liwu? Chichotsedwe pompano."

Ng'azi adapita pakompyuta n'kuchotsa liwulo.

Mbawala adayenda mpaka kutsogolo, n'kuima pamaso pa Likongwe. "Ukudziwa chimene ndabwerera kuno lero, iwe? Ndidamva kuti a Mfuko akuyesedwa. Pa mlandu wa mwana wanga ambiri ankafuna kuti zina zisalembedwe. A Mfuko adalemba zonse, ndipo adaziwerenga mokweza pabwalo lomwe lino. Ndidati ndikaime kumbuyo, mwina kuima kwanga kuwapatsa mphamvu. Udadutsa pakhomo panga tsiku lija, ndidakuona. Ukadalowa n'kunena kuti ndi za a Mfuko, ndikadakulembera chilolezo china tsiku lomwelo."

Mawu amenewo adamulasa Likongwe kuposa minga ya Nungu. Adagwada, chimene adakana kuchita masiku onse aja. "Mayi, ndalakwa. Lolani lero lokha. Si za ine, ndi za achimwenewa."

Mbawala adayang'ana Mfuko, ndipo zidaoneka kuti avomera. Koma Mfuko adakweza dzanja.

"Ayi, mayi. Musalole. Mukalola pano, mwalola chifukwa bwalo lonse likukuyang'anani ndipo a Nduna ali apa. Kumeneko si kulola. Ndipo mawa mmisiri aliyense adziwa kuti njira yake n'kuba kaye, kugwada pambuyo. Ine ndalemba milandu ya akuba zaka zonsezi, sindingaiwerenge ndi liwu lakuba."

"A Mfuko," adatero Nduna mofatsa, "mungathe kuwerenga ndi maso?"

Mfuko adasendeza nkhope pafupi ndi galasi la kompyuta mpaka mphuno idagunda. Adakhala choncho nthawi yaitali, nyama zonse zikumudikira.

"Sindikuona kanthu, a Nduna."

"A Nduna, ndipatseni masana ano okha!" adakuwa Likongwe. "Pali liwu la Chule, chilolezo chake n'chosavuta, dzuwa lisanapendeke ndikhala nditamaliza!"

"Udali ndi masiku asanu ndi awiri," adatero Nyalugwe. "Nyama izi zachokera kutali ndi milandu yawo, sizingadikire Chule. A Khwangwala, khalani pampando."

Mfuko adatsika pampando yekha, adakana womugwira dzanja. Podutsa pamene padagwada Likongwe adaima pang'ono. Sadakalipe, sadatukwane. Bola akadatukwana.

"Ndidakufunsa, mphwanga. Kawiri konse ndidakufunsa."

Adatuluka akupapasa khoma.

Likongwe adathamangira kunyumba, adatsegula khodi ya Chule, adailumikiza ndi ya Nungu, mayina onse awiri ali pamutu. Mukudziwa nthawi imene zidamutengera? Mphika wa nyemba ukadakhala usanapse. Adathamangira kuchipata, ndipo ulendo umenewo sadaimbe. Ng'azi adawerenga zilolezo ziwirizo, adaona kuti sizikangana, adadinda osafunsa funso ndi limodzi lomwe.

"Chimenechi mukadabwera nacho tsiku lachitatu lija," adatero.

"Ndikudziwa, a Kapitawo."

Kuchoka apo adalunjika kwa Mfuko. Mpando udali utapita, zimenezo ankazidziwa, koma ankati mwina nkhalambayo izimvako makalata a abale, bodza lija lisanduke zoona. Adapeza chitseko chili pululu, m'nyumba mulibe aliyense. Pakati pa nyumba padali mulu wa dothi lofukulidwa kumene, ndipo una wake udali wotsekedwa cha m'kati.

"Achimwene! Ndabwera nacho. Ndi la Chule, monga mudanenera. Chidindo chake n'choona, chigwireni nokha."



Adaika kompyuta pafupi ndi muluwo, adalemba kuti pepani achimwene, n'kudina. Liwu la Chule lidawerenga, losasa, loipa, koma mawu onse adamveka bwinobwino, palibe chilembo chimene chidasowa. Likongwe atamva kumveka kwake adalira ngati pamaliro, chifukwa adaona kuti liwu limeneli likadakwanira. Adafukula muluwo ndi manja, koma Mfuko adali atapita kutali pansi, njira akuikwirira m'mbuyo mwake.

Mawa lake kudaoneka mulu wina wa dothi cha uko, mkuja wina cha uko. Likongwe ankathamangira uliwonse, koma ponse ankapeza mwini wake atadutsa kale. Kuyambira pamenepo Mfuko sadatulukenso kunja, poti kumene kulibe chowerenga maso sasowekako. Kamlomo ka liwu la Chule kadalowa m'Nkhokwe ya Aliyense ndipo kadathandiza nyama zambiri za maso ofooka, koma amene kadapangidwira sadakamvepo pampando wake.

Kanyimbo kaja Likongwe amakaimbabe, ena adamumvapo. Chiyambi chake n'chomwe chija, chakuti palibe mpanda wopanda mpata. Koma akafika pa ndime ya mwini chipata amaima, mchira uli lende, ndipo samaliza.

N'chifukwa chake mukamuona likongwe akuyenda chothamanga, kuima, kusuzumira mu una uwu, kusuzumira mu una uwo, inu mumati akusaka mbewa. Mwina nthawi zina, poti njala ilibe chisoni. Koma mudzamuonetsetse akafika pa mulu wa dothi latsopano. Amatsitsa mutu, amatchera khutu pansi, n'kudikira kuti mwina wina ayankha kuti mphwanga.

Yathera pomwepa. Kaphuleni mbatata ija, ndipo ikakhala ya mwini, muyambe mwapempha.